KUYENDA PA NJINGA M'TSINDE MWA PHIRI LA MULANJE

Njinga yakapalasa ndi bwenzi la anthu ambiri a kumudzi muno m'Malaŵi. Mlimi amanyamulirapo chimanga popita ku chigayo, wamalonda amatengerapo nsomba zouma za ku nyanja ya Chilwa, ndipo wodwala amafika ku chipatala atakwezedwa pa kaliyala. Njinga sidya udzu ngati bulu, ndiponso simwa mafuta ngati galimoto. Mphamvu yake yonse imachokera m'miyendo ya munthu woipalasa. Chifukwa cha ichi, wapanjinga amaudziŵa msewu kuposa munthu wa m'basi. Wa m'basi angathe kugona tulo pa Limbe ndi kukadzuka pa Mulanje, osadziŵa kuti wadutsa zitunda zingati. Koma wapanjinga amachimva chitunda chilichonse m'ntchafu mwake.

M'phunziro lino tiyenda m'misewu ya m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, imene imadutsa m'midzi ndi m'minda ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Tiona kuti ulendo wa pa njinga suŵerengedwa ndi makilomita okha ayi. Munthu wanzeru asananyamuke amadzifunsa mafunso anayi. Kodi msewuwo uli ndi zitunda zotani? Kodi mitsetse yake njotani? Kodi ino ndi nyengo yanji? Nanga njinga yangayi ili bwino? Amene wayankha mafunso ameneŵa amafika kumene akupita. Amene sawasamala amagona panjira, mwinanso amakathera kuchipatala.

Chiyambi cha njinga

Njinga siidayambe monga tikuionera lero. M'chaka cha 1817 munthu wina wa ku Germany, dzina lake Karl von Drais, adapanga njinga ya matabwa yopanda zopalasira. Wokwerapo ankaiyendetsa pokankha pansi ndi mapazi. Pambuyo pake kudabwera njinga za gudumu lalikulu kwambiri kutsogolo, koma anthu ankagwa nazo kaŵirikaŵiri. M'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa mumzinda wa Coventry ku Mangalande adapanga njinga ya magudumu aŵiri osasiyana kwenikweni kukula kwake, yoyendera tcheni. Patapita zaka zitatu, mu 1888, dokotala wa ziŵeto wa ku Belfast, John Boyd Dunlop, adapanga matayala opopera mpweya. Tcheni chidathandiza munthu kuyenda mtunda wautali ndi mphamvu yochepa, pamene mpweya wa m'matayala udachepetsa kugwedezeka m'misewu ya miyala. Zinthu ziŵiri zimenezi ndizo zidapatsa njinga mwayi wofika m'midzi ya kumapiri.

Misewu iŵiri ya ku Mulanje

Wochokera mumzinda wa Blantyre kupita ku boma la Mulanje ali ndi misewu iŵiri ya phula. Yonse imapatukana pa Limbe, ndipo imakumananso asanafike pa boma la Mulanje.

Woyamba ndi msewu wa Midima. Umenewu umadzera ku Bangwe, kudutsa m'boma la Chiradzulu, ndi kufika pa Nkando. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 65. Akatsika kuchokera ku Limbe, wapanjinga amaloŵa m'dziko la chidikha, la minda ya chimanga, nandolo ndi chinangwa. Kukakhala kopanda mitambo, phiri la Mulanje limaoneka patsogolo pake ulendo wonse, likukulirakulira pamene iye akuyandikira. Msewu umenewu ndi wabwino kwa munthu wa katundu wolemera kapena wofulumira. Kuipa kwake nkwakuti mthunzi ngwochepa, ndipo m'miyezi ya mwera wapanjinga amalimbana ndi mphepo yochokera kutsogolo.

Wachiŵiri ndi msewu wodzera ku Thyolo. Umenewu ngwautali, pakuti ulendo wake umapitirira makilomita 80. Umadzera pa Bvumbwe, pamene pali msika wotchuka wa ndiwo zamasamba ndi malo ofufuzira za ulimi. Ukapitirira apo umaloŵa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, imene imakuta zitunda ngati mphasa yobiriŵira. Umodzi mwa minda yakale ya kumeneko ndi wa Satemwa, umene udayamba m'chaka cha 1923. Kuno msewu umakhotakhota, kukwera ndi kutsika kosalekeza. Kuchokera pa boma la Thyolo umatsikira pa Luchenza, tawuni imene idakula chifukwa cha njanji ya sitima imene idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Kenaka wapanjinga amawoloka mtsinje wa Thuchila, kudutsa pa Chonde, ndi kufika pa Chitakale, pafupi ndi boma la Mulanje.

Pali chinthu chimodzi chimene mlendo sachidziŵa. Limbe ali pamalo okwera kuposa boma la Mulanje ndi mamita oposa 400. Motero wopita ku Mulanje amatsika kwambiri kuposa mmene amakwerera, koma wobwerera ku Limbe ayenera kubweza mamita onsewo ndi miyendo yake. Makilomita ndi omwewo, koma ulendo wobwerera umadya nthaŵi ndi mphamvu zambiri. Munthu amene adapita m'maora 5 asaganize kuti adzabweranso m'maora 5.

Masamu a chitunda

Anthu ena amati, "Chitunda sichidandaulitsa, pakuti nthaŵi imene ndataya pokwera ndikaipeza potsika." Kodi zimenezi nzoona? Tiyeni tiŵerengere pamodzi.

Tiyerekeze kuti munthu amapalasa makilomita 12 pa ora m'chidikha. Ulendo wa makilomita 8 udzamtengera mphindi 40. Tsono tiyerekeze kuti pa makilomita 8 omwewo pali chitunda: makilomita 4 okwera ndi makilomita 4 otsika. Pokwera, munthu uja watsika pa njinga ndipo akukankha, akuyenda makilomita 4 pa ora. Apa pamthera ora lathunthu. Potsika akuthamanga makilomita 24 pa ora, ndipo pamthera mphindi 10 zokha. Zonse pamodzi zakwana mphindi 70. Mwaona tsono kuti chitunda chamdyera mphindi 30 zimene mtsetse walephera kubweza. Nchifukwa chake msewu wa zitunda, ngakhale ukhale waufupi, nthaŵi zina umachedwetsa kuposa msewu wozungulira wa m'chidikha.

Nanga nchifukwa chiyani njinga zina zimakwera chitunda pamene zina zimafuna kukankha? Yankho lili pa mano amene tcheni chimakola. Pakati pa njinga pali gudumu la mano limene zopalasira zimazunguza, ndipo ku gudumu la m'mbuyo kuli kagudumu kena ka mano. Tinene kuti lapakati lili ndi mano 44 ndipo kam'mbuyo kali ndi mano 22. Zopalasira zikazungulira kamodzi, gudumu la m'mbuyo limazungulira kaŵiri. Gudumu la njinga yaikulu ya kumudzi likazungulira kamodzi limayenda mamita 2 ndi pang'ono. Motero kupalasa kamodzi kumasuntha njinga mamita pafupifupi 4 ndi theka. Kagudumu kam'mbuyo kakadakhala ndi mano 11, njinga ikadasuntha mamita pafupifupi 9, koma zopalasira zikadalemera kwambiri. Kakadakhala ndi mano 44, njinga ikadasuntha pang'ono, koma zopalasira zikadapepuka, ndipo ngakhale mwana akadatha kukwera chitunda.

Njinga za magiya zili ndi timagudumu ta mano tingapo tosiyana kukula. Wokwerapo amasamutsira tcheni pa kagudumu kakakulu akafika pa chitunda, ndi pa kakang'ono akafika m'chidikha. Njinga zotere ndizo amakonda anthu opalasa pofuna kulimbitsa thupi ndi kuona dziko. Njinga zambiri za kumudzi, pamodzi ndi za akabaza, zili ndi kagudumu kamodzi kokha. Nzolimba ndi zosavuta kukonza, koma pa chitunda chachikulu mwini wake ayenera kutsika ndi kukankha. Palibe manyazi pa zimenezi. Kukakamiza njinga yolemedwa pa chitunda kumadula tcheni ndi kupweteka mawondo.

Mtsetse ndiwo woopsa

Ana ambiri amaopa chitunda ndi kukondwera ndi mtsetse. Koma akuluakulu odziŵa misewu ya ku Thyolo ndi Mulanje amadziŵa kuti chitunda chimangotopetsa, pamene mtsetse umapha.

Choyamba, liŵiro likachuluka, njinga imatenga mtunda wautali kuti iime. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda woimira umaŵirikiza kanayi. Njinga imene ikadaima pa mamita 5 imafuna mamita 20. Katundu wolemera pa kaliyala, monga thumba la chimanga kapena nkhuni, amautalikitsanso mtunda umenewu, pakuti amakankha njinga kuchokera m'mbuyo.

Chachiŵiri, mabuleki a njinga ndi timphira timene timafinya mkombero wachitsulo wa gudumu. Mkomberowo ukanyowa ndi mvula kapena mame, timphirato timaterera osagwira msanga. Ndiponso pa mtsetse wautali, munthu akangofinya mabuleki osalekeza, mkombero umatentha, timphira timadyeka, ndipo nthaŵi zina chubu chimaphulika. Njira yabwino ndiyo kuyamba mtsetse pang'onopang'ono, kufinya mabuleki onse aŵiri pamodzi, ndi kumawapumitsa pamene msewu wawongoka. Kufinya buleki yakutsogolo yokha mwadzidzidzi kumaponya munthu patsogolo pa njinga.

Chachitatu, misewu ya m'tsinde mwa mapiri ili ndi magulaye ambiri, ndipo kunsi kwa mtsetse kaŵirikaŵiri kumakhala mlatho wopapatiza. Kuseri kwa gulaye kungakhale thirakitala yonyamula masamba a tiyi, ng'ombe, mchenga wokokoloka ndi mvula, kapena ana opita ku sukulu. Wapanjinga ayenera kuchepetsa liŵiro asanaloŵe m'gulaye, osati ali kale pakati pake. Mtsetse ukakhala woopsa ndipo katundu ngwolemera, nkwabwino kutsika ndi kuyenda pansi. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuzungulira phiri

Pa Chitakale pali mphambano. Msewu wina umapitirira kummaŵa, kudutsa pa boma la Mulanje mpaka pa Muloza, m'malire a Malaŵi ndi Mozambique. Ulendo umenewu ndi wa makilomita pafupifupi 30, ndipo umadutsa m'minda ya tiyi ndi ya zinanazi. Kuno ndiko tiyi adayambira kulimidwa ngati mbewu ya malonda, pamene mlimi wina wachizungu, Henry Brown, adabzala mbewu zochokera ku Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1891. Panjira wapanjinga amawoloka mitsinje ya Lichenya ndi Ruo, imene imatsika m'phiri ndi madzi ozizira. Kutsidya kwa malire kuli tawuni ya Milange, ndipo anthu a mbali zonse ziŵiri amawoloka ndi njinga zodzaza katundu wa malonda.

Msewu wina umapatukira kumpoto, kulinga ku Phalombe. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale pali Likhubula, pamene anthu ambiri amayambira kukwera phiri ndi kukaona mathithi a Dziŵe la Nkhalamba. Popitirira, wapanjinga amadutsa kunsi kwa thanthwe lalikulu la Chambe, limene limaima chilili ngati khoma. Nsonga yaitali koposa ya phiri lonse, Sapitwa, ili mkati mwenimweni, ndipo kutalika kwake ndi mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Palibe malo ena okwera chotere m'Malaŵi monse.

Munthu wopenyetsetsa amaona kuti dziko likusintha pamene akulinga ku Phalombe. Tiyi watha, udzu wafupika, ndipo m'minda muli mapira, nandolo ndi mpendadzuŵa. Chifukwa chake nchakuti mphepo ya chinyezi yochokera ku nyanja yamchere ya India imafika ku phiri kuchokera kummwera chakummaŵa. Ikagunda phiri imakwera, imazizira, ndipo imagwetsa mvula mbali yomweyo. Ikamatsikira mbali ya Phalombe imakhala itauma. Motero phiri limodzi lili ndi mbali ya mvula yambiri ndi mbali ya mvula yochepa, ndipo wapanjinga angathe kuziona zonse ziŵiri tsiku limodzi.

Kuchokera pa Phalombe pali njira yokwera yodzera pa mpata wa pakati pa phiri la Michesi ndi phiri la Mulanje. Mpata umenewu kale udali njira ya anthu ogulitsa akapolo, amene ankapita nawo ku gombe la nyanja yamchere. M'chaka cha 1893 boma la atsamunda lidamangapo linga lotchedwa Fort Lister pofuna kutseka njirayo, ndipo mabwinja ake alipobe. Akatsika pa mpatawo, wapanjinga amafika ku Nkhulambe, ndipo kuchokera kumeneko angathe kutsata mbali ya kummaŵa ya phiri mpaka pa Muloza. Akabwerera ku boma la Mulanje ndiye kuti walizungulira phiri lonse. Ulendo umenewu si wa tsiku limodzi kwa munthu wa njinga yopanda magiya, ndipo njira ya pa mpata njamiyala ndi yotopetsa. Mlendo ayenera kufunsa eni dera za mmene njira ilili asanaloŵemo, pakuti safunsa adadya phula.

Nyengo ndi msewu

Msewu womwewo umasintha malinga ndi nyengo. M'miyezi ya May, June ndi July kumazizira, ndipo kumabwera chiperoni, ndiyo mvula yowaza ya nkhungu imene idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chiperoni chikagwa, phula limaterera, ndipo woyendetsa galimoto saona patali. Masiku opanda chiperoni m'miyezi imeneyi ndiwo abwino koposa pa ulendo wautali. Mu October ndi November kumatentha kwambiri, makamaka m'chidikha cha Phalombe. Pamenepo nkofunika kulaŵira mbandakucha, kupuma pamthunzi dzuŵa likakhala paliwombo, ndi kumwa madzi kaŵirikaŵiri ludzu lisanafike.

Nyengo ya dzinja ndiyo yofuna kusamala koposa. Misewu ya dothi imasanduka matope amene amamatirira ku magudumu mpaka njinga kukana kuyenda. Mitsinje ya m'tsinde mwa phiri imadzaza mwadzidzidzi, ngakhale pamene kunsi kuno sikudagwe mvula, chifukwa madzi ake amachokera pamwamba pa phiri. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, mbali ya phiri imagumuka, ndipo madzi, matope, miyala ndi mitengo zimatsika pamodzi. Ichi ndicho makolo adachitcha napolo. Mu March 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu March 2023 namondwe wotchedwa Freddy adakokolola milatho, misewu ndi midzi m'maboma a kummwera, kuphatikizapo dera la Nkhulambe, ndipo anthu oposa 600 adafa, ena ambiri osapezeka. Tsono wapanjinga akapeza madzi akuyenda pamwamba pa mlatho, asayese kuwoloka atasenza njinga. Adikire kuti madzi aphwe, kapena abwerere kukagona ku mudzi wapafupi.

Kukonzekera ulendo

Dzulo lake la ulendo, njinga iyenera kuonedwa bwino. Matayala apopedwe mokwanira, timphira ta mabuleki tisinthidwe ngati tadyeka, tcheni chithiridwe mafuta, ndipo masipoko oduka abwezeretsedwe. Chishalo chikwezedwe kufikira pamene mwendo uwongoka pang'ono chopalasira chikakhala pansi. M'kathumba mukhale pampu, sipanala, zigamba ndi guluu womatira chubu. Pamisika yambiri ya m'njira pali amisiri okonza njinga, koma minga simasankha malo obayira tayala. Kamba wa paulendo akhale madzi abwino, mbatata yophika, nthochi kapena mtedza. Katundu amangidwe molimba ndi mofanana mbali zonse, ndipo asatulukire kwambiri mumsewu.

Pamsewu, wapanjinga ayenera kutsata malamulo monga amachitira woyendetsa galimoto. M'Malaŵi timayenda kumanzere. Anthu akakhala angapo, ayende mondondozana, osati mopingasa msewu. Pofuna kukhota, wapanjinga acheuke kaye, kenaka atambasule dzanja la mbali imene akupita. Asagwire lole yokwera chitunda kuti imkoke, pakuti lole ikagwedezeka iye amagwera kunsi kwa magudumu. Avale zovala zoŵala, ndiponso chisoti cholimba ngati ali nacho. Usiku njinga ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo. Koma chabwino koposa ndicho kuŵerengera nthaŵi kuti ulendo uthe dzuŵa lisanaloŵe.

Pomaliza, misewu imeneyi imadutsa pakhomo pa anthu. Wapanjinga wa makhalidwe abwino amaliza belu patali, amapereka moni kwa akuluakulu, amatsika pa njinga akakumana ndi maliro, ndipo sathyola chinanazi kapena mzimbe wa m'munda wa mwini. Tsiku limene chubu chake chidzaphulika kutali ndi msika, anthu omwewo ndiwo adzampatsa madzi ndi malo ogona.

Matanthauzo a mawu

chidikha: dziko lathyathyathya, lopanda zitunda
mtsetse: malo otsika pamsewu
gulaye: malo amene msewu wakhota
mphambano: pamene misewu yakumana kapena kupatukana
linga: malo otchingidwa okhalamo asilikali
kamba: chakudya cha paulendo

Mafunso

1. Tchulani mafunso anayi amene wapanjinga ayenera kudzifunsa asananyamuke.
2. Kodi John Boyd Dunlop adapanga chiyani, ndipo chidathandiza bwanji?
3. Fotokozani kusiyana kwa msewu wa Midima ndi msewu wodzera ku Thyolo.
4. Nchifukwa chiyani ulendo wochokera ku Mulanje kupita ku Limbe umatenga nthaŵi yaitali kuposa wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje?
5. Perekani zifukwa zitatu zimene mtsetse uli woopsa.
6. Nchifukwa chiyani tiyi amalimidwa mbali ya Muloza koma osati ku chidikha cha Phalombe?
7. Kodi mwambi wakuti "safunsa adadya phula" ukutiphunzitsa chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito

Jambulani mapu a msewu wochokera kwanu kufika ku msika wapafupi. Onetsani zitunda, mitsetse, magulaye ndi milatho, ndipo lembani chizindikiro pamalo onse amene wapanjinga ayenera kuchepetsa liŵiro.